NDERE ZIULULA MADZI OONONGEKA

Anthu a m'cigwa ca Domasi adziwa bwino ndere zimene zibiriwiza madzi a m'maiwe, makamaka m'nyengo yotentha ya October ndi November. Koma ndere zonse si za mtundu umodzi ai. Zina nzabwino, ndizo cakudya ca makumba. Cifukwa cace oweta nsomba athira manyowa m'maiwe mwadala. Zina, zimene akatswiri azicha cyanobacteria, si zomera kweni-kweni koma tizirombo tating'ono-ting'ono, ndipo mitundu ina mwa izo iri ndi ululu.

Madzi abwino akhala ndi mitundu yambiri ya ndere, uliwonse pang'ono. Koma akalandira zonyansa za m'mafakitale, za m'zimbudzi, kapena feteleza wokokoloka m'minda, mitundu yofooka ifa. Itsala iwiri kapena itatu yolimba, monga Oscillatoria ndi Microcystis, nicuruka koopsa, monga kaufiti acitira m'munda woguga. Tsono katswiri akaika dontho limodzi pansi pa galasi lokuza zinthu nawerenga mitunduyo, adziwa ngati madziwo aonongeka, angakhale fungo lisanayambe.

Ku Domasi kulibe mafakitale akuru monga a ku Makata ku Blantyre, kumene mtsinje wa Mudi wabvutika nazo zotayidwa. Komabe mtsinje wa Domasi uthira m'nyanja ya Chilwa, ndipo Likangala nayenso atengera komweko madzi ocokera m'tauni ya Zomba. Nyanjayi iribe mtsinje woturuka. Colowamo cikhala momwemo. Pamene inali kuphwa, kufikira inauma mu 1968, madzi ace anasanduka amcere, ndipo ndere za mtundu umenewu ndizo zinacuruka.

Ululu wa Microcystis uononga ciwindi ca munthu ndi ca ciweto comwe. Mu 2020 njobvu zoposa 300 zinafa ku Botswana, ndipo Boma la kumeneko linati cinazipha ndi ululu wa ndere zotere. Coipa cina nciti: kuwiritsa madzi kupha tizirombo ta kolera, koma ululu uwu sucoka.

Munthu wopanda galasi angathenso kuyesa, ndipo aphunzitsi angaonetse ana a sukulu. Apise ndodo m'dziwe. Ikaturuka ndi ndere zolendewera ngati tsitsi, zimenezo ndi ndere wamba. Ikaturuka ngati yapakidwa penti wobiriwira, pamenepo mpokayikitsa. Kapena atunge madziwo m'botolo loyera, naliika pamthunzi usiku wonse osaligwedeza. Ndere wamba zitsikira pansi, koma zokayikitsazo ziyandama pamwamba.

Madzi otero asamwe anthu, ana asasambemo, ndiponso ng'ombe, mbuzi ndi agalu apirikitsidwe. Mwini dziwe aleke msanga kuthira manyowa, nakauze Mlangizi wa za Nsomba. Likakhala dziwe lotungapo mudzi wonse, a Nyakwawa adziwitse Mlangizi wa za Umoyo tsiku lomwelo.