Akaluza gemu maulendo 8, musamuseke

Kodi kwanu kuli munthu amene akakhala pa gemu yomenyana madzulo amayamba ndi nthabwala, pakapita ola n'kukhala duu, kenaka mungomva controller yamenyetsedwa pansi? Mwina ndi mwana wanu wa Fomu 3, mwinanso ndi bambo a kunyumba omwe. Mukafunsa kuti chavuta n'chiyani, yankho lake n'lakuti, "Andimenya maulendo 8 motsatizana." Inu n'kuphulika nako kuseka, poti ndi zidole za pa kanema. Nsima n'kuzizira patebulo, ndipo usiku umenewo m'nyumba mulibe wolankhula ndi mnzake.

Tikunena magemu monga Tekken, Street Fighter ndi Mortal Kombat, momwe anthu awiri amasankha aliyense chidole chomumenyera n'kuthirana zibakera mpaka china chitagwa. Achinyamata ambiri a m'matauni adawadziwira m'tinyumba ta PlayStation ta pamsika, momwe wowina amakhalabe pampando ndipo woluza amapatsa wina mpata. Masiku ano ena akusewera pa intaneti ndi anthu omwe sadawaonepo nkhope.

Kuluza kwa magemu amenewa kumawawa mwapadera, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Timu ya mpira ikagonja, pali anthu 11 ogawana manyazi. Wina aloza goloboyi, wina woyimbira, wina bwalo. Kuno ayi. Uli wekha ngati pa bawo, kungoti pa bawo umapatsidwa nthawi yowerenga nkhomo. Gemu yomenyana imasintha zithunzi 60 pa sekondi imodzi, ndipo kuchedwa ndi zithunzi ziwiri kapena zitatu zokha n'kokwanira kuti chibakera chikupeze. Ukaluza, palibe womuloza chala. Ndiye mkwiyo uja umasowa kolowera, n'kutsikira pa yemwe ali pafupi: mng'ono wako, mkazi wako, kapena mayi ako amene angokuitana kuti ukadye.

Pali chinanso chimene osewera ambiri sachilingalira. Pa intaneti, gemu imayesetsa kukupezera munthu wa msinkhu wako. Ukawina kangapo imakukweza, n'kukupatsa anthu odziwa kuposa aja unkawamenya dzulo. Choncho kuluza motsatizana kawirikawiri kumabwera munthu atangokwera kumene. Iye amaona ngati luso lathawa, chikhalirecho wangolowa kalasi ya patsogolo. N'chimodzimodzi akayamba kuphunzira kamenyedwe katsopano: zala zimasokonezeka kaye, ngati dalaivala wozolowera galimoto ya otomatiki amene wapatsidwa ya magiya.

Koma kuluza kwachinayi ndi kwachisanu nthawi zambiri sikukhala kwa luso. Kumakhala kwa mtima. Munthu wopsa mtima amathamangira kubwezera, amasiya kutchinga, amabwereza chibakera chomwechomwecho, ndipo mnzake uja amamuwerenga ngati nyuzipepala. Akaluza amati, "Imodzi yomaliza." Imodzi yomalizayo ndi imene imafikitsa anthu 2 koloko ya usiku.

Akatswiri nawonso amadutsa momwemu. Mpikisano wotchuka kwambiri wa magemu amenewa ndi Evo, womwe umachitikira ku America. M'chaka cha 2004, Daigo Umehara wa ku Japan atatsala ndi kamoyo kochepetsetsa pa gemu ya Street Fighter III: 3rd Strike, adakankha zimenyo 15 zotsatizana za Justin Wong, n'kumugonjetsa. Kanema wake anthu amamuonerabe mpaka lero. Chimene ambiri satchula n'chakuti Daigo sadatenge chikho tsiku limenelo. M'ndime yotsiriza adagonja kwa mnzake wa ku Japan komweko, wodziwika ndi dzina loti KO.

Nkhani imene ndimaikonda ine ndi ya Knee wa ku South Korea. Kwa zaka zambiri mkuluyu ankaopedwa pa Tekken. Kenaka kudatulukira mnyamata wa ku Lahore m'dziko la Pakistan, Arslan Ash, amene m'chaka cha 2019 adawina Evo Japan, n'kudzamugonjetsanso Knee m'ndime yotsiriza ya Evo ku Las Vegas. Taganizani, katswiri wa dzina kugwetsedwa pamaso pa dziko lonse ndi mnyamata wochokera kumene anthu sankakuwerengera n'komwe pa masewerawa. Knee sadanamizire makina kapena kutopa. Adakwera ndege kupita ku Pakistan kukasewera ndi anyamata a kumeneko kuti aone chimene ankamuposa nacho. M'chaka cha 2022 adatenga chikho cha Evo pa Tekken 7, ndipo yemwe adamugonjetsa m'ndime yotsiriza adali Khan, wa ku Pakistan komweko.

Tsono inu osewera, achimwene ndi achemwali, tamverani. Mukaluza katatu motsatizana, ikani controller pansi bwinobwino. Imirirani, imwani madzi, tulukani panja kwa mphindi 10. Palibe amene akukuthamangitsani. Mukabwerera musayambe ndi kufuna wina womenyana naye. Magemu atsopano monga Street Fighter 6 ya 2023 ndi Tekken 8 ya 2024 amasunga kanema wa ndewu zanu. Onerani imodzi mwa zimene mwaluza, ngakhale kuti n'zochititsa manyazi, ndipo mufufuze chinthu chimodzi chokha chimene chakupwetekani kwambiri.

Tiyerekeze kuti mnzanuyo amangokudumphirani kuchokera m'mwamba, inu osamugwetsa. Ndiye ntchito yanu sabata imeneyo ndi yomweyo. Lowani mbali ya gemu yophunzirira, muuze kompyuta izikudumphirani, muyeserere kwa mphindi 15 musanayambe kusewera ndi anthu. Mukatero muziwerenga kuti mwagwetsa wodumpha kangati, osati kuti mwawina kangati. Mutha kuluza ndewu 6 pa 10 koma n'kugona mtima uli m'malo chifukwa chimene chinkakukanikani Lolemba chatheka Lachinayi.

Ndipo amene wakumenyaniyo ngati ali pampando womwewo, mufunseni. "Aise, ukundipeza pati?" Ambiri amanena mosabisa, chifukwa nawonso amafuna munthu wowalimbitsa thukuta. Paja safunsa adadya phula. Kusewera ndewu 10 ndi munthu wokuposani kumaphunzitsa zambiri kusiyana ndi kumenya mng'ono wanu wa Sitandade 5 tsiku lonse.

Kwa inu makolo, ndi inu mayi kapena bambo a kunyumba amene simugwira n'komwe controller, mawu oti "n'zachibwana zimenezo" amathira mafuta pamoto. Mwanayo akudziwa kale kuti ndi gemu. Chimene chikumuwawa n'chakuti wayesetsa koma walephera, ndipo zimenezi adzakumana nazonso pa mayeso ndi pofuna ntchito. Mtima wake ukatsika mufunseni kuti, "Iwe, ameneyu wakumenya bwanji?" Mudzadabwa mmene angafotokozere. Mwana amene watha kufotokoza chifukwa chimene waluzira sakhalanso ndi mphamvu zoswa zinthu.

Dziwaninso kuti ndewu ya pa intaneti siimitsidwa pakati, koma imatha m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Kunena kuti "maliza imeneyo ubwere" kumapewetsa mkangano umene kuzula waya kukhoma kumayambitsa. Nthawi yotsekera mugwirizane gemu isanayatsidwe, osati munthu ali pakati poluza.

Izi sizikutanthauza kuti zonse muzingolekerera. Bambo, kuluza kwa munthu wa ku Johannesburg amene simukumudziwa si chilolezo chokalipira mayi a kunyumba. Ngati mwatero, pepesani usiku womwewo, ndipo ana amve. Ndalama ya ndiwo ikayamba kuthera ku bandulo kapena ku kanyumba ka PlayStation, nkhani yasintha. Ikafika pobetcherana ndalama yasinthiratu, chifukwa wobetcha akaluza amafuna kubweza yake pompopompo, ndipo malangizo opumira aja samvekanso. Makolo muonenso zolembedwa pa chikuto: Mortal Kombat ili ndi magazi ndi nkhanza zoopsa, ndipo m'maiko a ku Ulaya amailemba kuti ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo.

M'chaka cha 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidavomereza kuti kukodwa ndi magemu ndi vuto la umoyo. Koma silinena za munthu amene wakwiya madzulo amodzi. Limanena za amene walephera kudziletsa, waika gemu patsogolo pa sukulu, ntchito ndi banja, ndipo akupitirizabe ngakhale zinthu zikuonongeka, kawirikawiri kwa miyezi 12 kapena kuposerapo. Ngati wanu wafika pamenepo, kumulanda controller kokha sikuthetsa kanthu. Pitani naye kuchipatala mukafunse za aphungu a maganizo, ndipo popita mumuuze zoona za kumene mukupita.