Ku Ireland oukira atsamunda analandira penshoni, nanga a ku Mbombwe?

Ndili mwana kwathu ku Mauwa, agogo anga aakazi ankakonda kunena kuti bambo awo anathawira kuphiri mu 1915 pomwe asilikali ankatentha midzi posaka anthu a John Chilembwe. Ine ndinkangoiona ngati nthano ya pamoto. Sabata yatha, ndikusewera ndi foni usiku, ndinakumana ndi nkhani ya ku Ireland imene inandikumbutsa mawu aja.

Mu June 1920, asilikali a ku Ireland a gulu la Connaught Rangers, omwe ankatumikira Britain ku India, anakana kugwira ntchito atamva za nkhanza zimene Britain inkachitira abale awo kumudzi. Khoti la asilikali linawalanga, ambiri anaponyedwa m'ndende, ndipo James Daly anawomberedwa pa 2 November 1920. Mu 1936 boma la Ireland linakhazikitsa lamulo lopereka penshoni kwa amene analangidwa aja, ndipo mu 1970 mafupa a Daly anabwezedwa kwawo.

Abale anzanga, kwathu kuno nkhani yake siili kutali. Mu November 1914 Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akuda akutengedwa kukafera nkhondo yosawakhudza, n'kusiya akazi amasiye ndi ana. Pa 23 January 1915 anthu ake anaukira. Iye anaphedwa pa 3 February, otsatira ake ena ananyongedwa, mazana anamangidwa, ndipo tchalitchi cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe chinagwetsedwa.

Lero nkhope ya Chilembwe ili pa K2000, ndipo pa 15 January timapuma. Zabwino ndithu. Koma ndani wa ife angatchule mayina khumi a amene ananyongedwa? Ine sindingathe, ngakhale Mbombwe ili m'boma langa lomwe.

Eni ake anapita kale, penshoni singawafikire. Zina n'zotheka: kulemba mayina awo pa chipilala, kuwaika m'mabuku a sukulu, kuthandiza zidzukulu zawo ndi fizi. Mu 2013 Britain inavomera kulipira anthu 5,228 a ku Kenya omwe anazunzidwa nthawi ya Mau Mau, chifukwa panali anthu amene anasunga umboni n'kulimbikira.

Ine ndayambira pafupi. Loweruka ndikupita kwa azakhali anga ndi foni, akandiuze zonse zimene agogo anawasiyira, ndijambule. Inunso muli ndi agogo kumudzi, afunseni akadali moyo.