TIMITOLO TA KUWALA

Kasisi ndi malo a m'boma la Chongwe, kumpoto ca kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, pafupi ndi mtsinje wa Ngwerere. Munthu woyenda m'midzi ya kumeneko masiku ano aona pa madenga a nyumba zina magalasi akuda onyezimira, amene anthu awacha sola. Galasi lotere liribe gudumu lozungulira, silidya mafuta kapena nkhuni, ndiponso silitulutsa utsi. Lingokhala pa dzuwa tsiku lonse. Koma madzulo nyale ziyaka m'nyumbamo, wailesi ilankhula, ndipo ana awerenga mabuku ao. Kodi galasi longokhala cete litenga kuti mphamvu imeneyi?

Yankho lace linapezedwa ndi anthu a nzeru amene anatha zaka zambiri ali kufunafuna makhalidwe a kuwala ndi a tinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Maphunziro ao achedwa quantum mechanics pa Cingerezi. Muzu wa maphunzirowo ndi uwu: mphamvu siiperekedwa monga madzi, amene munthu angathe kuthira pang'ono ponse pamene afuna, koma iperekedwa monga mazira, amene awerengedwa limodzi limodzi, lathunthu lathunthu.

Maatomu

Zinthu zonse, kaya ndi mwala, madzi, mpweya kapena thupi la munthu, zinapangika ndi tinthu tochedwa maatomu. Maatomu ndi ocepa kwambiri, kotero kuti mamiliyoni angapo atandandalikidwa pa mzere umodzi angakwanire milimita imodzi yokha ya pa rula. Pakati pa atomu iriyonse pali kanjere kolemera, ndipo mozinga kanjereko muli tinthu tina topepuka tochedwa maelekitironi. Amene anapeza elekitironi ndiye J. J. Thomson wa ku England m'caka ca 1897, ndipo Ernest Rutherford anapeza kanjere ka pakati kaja m'caka ca 1911. Magetsi oyenda m'waya si kanthu kena ai, koma maelekitironi osawerengeka oyenda molunjika mbali imodzi.

Citsulo ca wosula

Wosula makasu ndi nkhwangwa adziwa kutentha kwa citsulo cace poyang'ana maonekedwe ace. Poyamba citsulo ciri cakuda. Pamene abvukuta moto cifiira, kenaka cisanduka cacikasu, ndipo moto ukakula ndithu ciyera mbee. Osula a ku Afrika anadziwa zimenezi kalekale, koma cifukwa cace cinabvuta ngakhale akatswiri a ku Ulaya. Masamu ao onse anali kupereka yankho losiyana ndi zimene maso anaona.

Mu December 1900, mphunzitsi wa ku Berlin dzina lace Max Planck anapeza njira. Iye anati cinthu cotentha citulutsa mphamvu yace m'timitolo tathunthu, ndipo kukula kwa kamtolo kutsata mtundu wa kuwala. Mitundu imeneyi ndiyo ioneka pa utawaleza. Kamtolo ka kuwala kofiira ndi kakang'ono, ka kuwala kwacikasu kakulirapo, ka kuwala kwa buluu kaposa apo, ndipo ka mtundu wonga maluwa a jakaranda ndiko kakakulu pa tonse tooneka ndi maso. Citsulo congofunda ciri ngati munthu wa ndalama zocepa pa msika: cingathe kulipira timitolo tating'ono tokha, ndico cifukwa cace cioneka cofiira. Cikatentha kwambiri cikhoza kulipira timitolo ta mitundu yonse, ndipo mitundu yonse ikasakanizika ioneka yoyera.

Caka ca 1905

M'caka ca 1905 wansembe Jules Torrend anafika pa Ngwerere nayamba mishoni ya Kasisi. Caka comweco, kutali ku mzinda wa Bern m'dziko la Switzerland, kunali mnyamata wa zaka 26, kalaliki wa mu ofesi ya boma yoyesa makina atsopano. Dzina lace linali Albert Einstein, ndipo iye anali kulingalira za cinsinsi cina.

Anthu anali ataona kale kuti kuwala kukagwa pa zitsulo zina, maelekitironi atumphuka m'citsulomo. Cozizwitsa cinali cakuti kuwala kofiira, ngakhale kuculuke motani, sikunathe kutulutsa elekitironi ndi imodzi yomwe. Koma kuwala kwa buluu, ngakhale kocepa, kunawatulutsa nthawi yomweyo. Einstein anati kuwala kweni kweniko kuyenda m'timitolo, ndipo elekitironi imodzi ilandira kamtolo kamodzi pa nthawi imodzi. Mwana wofuna kugwetsa mango angaponye mcenga wodzaza manja tsiku lonse, koma mango sagwa. Mwala umodzi wokha wolemera bwino ndiwo uwagwetsa. Kuwala kofiira kunali ngati mcenga pa zitsulo zija, ndipo kwa buluu kunali ngati mwala.

Akatswiri ambiri anakana mau amenewa. Robert Millikan wa ku America anatha zaka pafupifupi khumi ali kuwayesa, koma potsiriza anapeza kuti masamu a Einstein anali oona. Timitolo ta kuwala tsopano tichedwa mafotoni. Nyale yaing'ono ya m'manja itulutsa mafotoni oposa mamiliyoni a mamiliyoni pa sekondi imodzi, ndipo cifukwa ca kuculuka kwao diso siliona kuti ndi timitolo, monga munthu woima patali saona njere za cimanga pa mulu.

Makwerero a m'atomu

Munthu akaponya mcere pang'ono pa moto, lawi lisanduka lacikasu. Akaikapo waya wa mkuwa, lawi libiriwira. M'caka ca 1913 Niels Bohr wa ku Denmark anaonetsa njira yomvetsera zotere. Iye anati elekitironi ya m'atomu siingakhale pali ponse pamene ifuna. Iri ngati munthu wokwera makwerero a nkhokwe, amene angaime pa mtanda woyamba kapena waciwiri, koma pakati pa mitanda iwiri palibe poponda. Moto ukankhira elekitironi pa mtanda wa pamwamba. Pamene itsika itulutsa fotoni imodzi, ndipo kukula kwa fotoniyo kulingana ndi mpata wa pakati pa mitandayo.

Mtundu uliwonse wa atomu uli ndi makwerero ace ace, motero uli ndi kuwala kwace kwace. Mkuwa wa ku Kitwe ndi mkuwa wa ku Chile upereka maonekedwe amodzimodzi. Ndi njira imeneyi anthu adziwa zimene ziri m'dzuwa ndi m'nyenyezi, cinkana palibe munthu anafikako.

Mafunde

Koma panali cobvuta cina cacikulu. Munthu akaponya miyala iwiri pamodzi m'dziwe la madzi odikha, mafunde a miyalayo akomana. Pena awonjezana nakula, pena afafanizana madzi nakhala bata. Zaka zana Planck asanalankhule, Thomas Young anaonetsa kuti kuwala kucita cimodzimodzi kukapyola pa timipata tiwiri toyandikana: pa khoma paoneka mizere yowala ndi mizere yamdima. Tsono kuwala ndi mafunde kodi, kapena ndi timitolo? Mayeso onse abvomereza kuti kuli ndi makhalidwe onse awiri. Poyenda kuyenda ngati mafunde, koma pofika kufika ngati kamtolo, pa malo amodzi.

M'caka ca 1924 Louis de Broglie wa ku France anati elekitironi nayonso iyenda ngati funde, ndipo mu 1927 mayeso anatsimikiza mau ace. Pamenepo cifukwa ca makwerero aja cinamveka. Nsambo ya banjo imene anyamata apanga ndi citini iri ndi maliridwe ace ace, pakuti funde la pa nsamboyo liyenera kukwanira bwino pakati pa nsonga zace ziwiri. Momwemonso funde la elekitironi liyenera kukwanira bwino m'atomu, ndipo njira zokwanirira ndizo mitanda ya makwerero.

Werner Heisenberg mu 1925 ndi Erwin Schrödinger mu 1926 analemba masamu a zonsezi. Max Born anaonjezapo cinthu codabwitsa koposa: masamuwo sanena malo eni eni pamene elekitironi imodzi idzapezeka, koma anena malo amene idzapezeka kawirikawiri ndi amene idzapezeka kamodzikamodzi. Maelekitironi akatumizidwa imodzi imodzi kupyola pa timipata tiwiri, iriyonse isiya kadontho kamodzi pa malo osadziwika kale. Koma madontho akaculuka, mizere yonga ya Young ija ioneka bwino lomwe. Einstein sanakondwere nazo zimenezi, ndipo anatsutsana ndi Bohr zaka zambiri. Ngakhale ziri tero, kufikira lero palibe kuyesa kumene kunapeza masamu amenewa olakwa.

M'mene galasi la sola ligwirira nchito

Pansi pa galasi la sola pali timapale topyapyala ta silikoni, cinthu cocokera ku mcenga ndi miyala yoyera. Mu silikoni maelekitironi akhala pa mtanda wa pansi, omangika. Fotoni yocokera ku dzuwa, itayenda ulendo wa mphindi 8, igunda elekitironi imodzi niikweza pa mtanda wa pamwamba, pamene iri yomasuka kuyenda. Opanga timapaleto asakaniza mankhwala ena pang'ono kumbali ya pamwamba, ndi ena osiyana kumbali ya pansi, kuti maelekitironi omasukawo akankhidwire njira imodzi yokha. Motero alowa m'waya, nadzaza batire.

Mpata wa makwerero a silikoni si waukulu, kotero ngakhale kuwala kofiira kukwanira. Koma sola ikaikidwa pafupi ndi mphika wotentha usiku siipereka kanthu, cinkana dzanja limva kutentha, pakuti timitolo tocokera ku mphikawo ndi tating'ono ngati mcenga uja. Ndiponso popeza elekitironi iriyonse ifuna fotoni yace, fumbi la mwezi wa September ndi mthunzi wa mtengo zicepetsa magetsi. Mwini sola wanzeru aipukuta kawirikawiri, naipendeketsa kuyang'ana kumpoto, kumene dzuwa la m'Zambia lipendekera m'miyezi yozizira.

Sola yoyamba ya silikoni yogwira nchito bwino inapangidwa ku America mu 1954, ndipo inasandutsa magetsi magawo 6 okha pa magawo 100 a kuwala. Za masiku ano zifika pa magawo 20 ndi kupitirira. Phindu lace linaoneka poyera m'caka ca 2024, pamene mvula inabvuta, madzi a m'nyanja ya Kariba anacepa, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku m'dziko lonse. Cimanga cinapsa m'minda ndi dzuwa, koma dzuwa lomwelo linayatsa nyale m'nyumba zokhala ndi sola. Minda yaikulu ya sola ya Bangweulu ndi Ngonye, kumwera kwa Lusaka, inayamba nchito mu 2019, ndipo wina wa mamegawati 100 unatsegulidwa ku Chisamba mu 2025.

Nchito zina

Tinyale toyera ta masiku ano, tochedwa LED, ticita zosiyana ndi sola: batire ikweza elekitironi, ndipo potsika itulutsa fotoni. Tidya magetsi ocepa cifukwa sititentha waya monga mababu akale. Thiranzisita, imene inapangidwa mu 1947, idalira makwerero omwewo. Ndiyo kakhomo kakang'ono kotsegula ndi kutseka njira ya magetsi, ndipo m'lamya imodzi ya m'manja muli mathiranzisita mamiliyoni zikwi zingapo. Ndeke zotera pa bwalo la Kenneth Kaunda, pafupi ndi Kasisi, zithandizidwa kudziwa malo ao ndi masetilaiti onyamula mawochi a maatomu. Kuyambira 1967 sekondi yeni yeniyo iyesedwa ndi atomu ya siziyamu, powerenga mafunde 9,192,631,770 a pakati pa mitanda yace iwiri.

Ngakhale tsamba la cimanga litsata lamulo lomweli. Alimi ophunzira pa sukulu ya zaulimi ya Kasisi, imene inayamba mu 1974, adziwa kuti mbeu za pa mthunzi sizikula bwino. Tsamba limeza makamaka mafotoni ofiira ndi a buluu, nilipanga nao cakudya. Ena obiriwira liwabweza, ndico cifukwa cace munda uoneka wobiriwira.

Planck sanali kufuna nyale ya m'mudzi, kapena Einstein lamya. Iwo anangoona kanthu kakang'ono kosagwirizana ndi zimene anaphunzira, ndipo anakana kukalambalala. Bungwe la United Nations linasankha caka ca 2025 kukhala cokumbukira zaka 100 za maphunziro amenewa, ndipo nchito yace siinathe, pakuti akatswiri ali kuyesabe kupanga makompyuta a mtundu watsopano otsata malamulo omwewa. Maphunzirowa aphunzitsidwanso pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka, imene inatsegulidwa mu 1966. Khomo lolowera ndilo masamu a m'kalasi, pamodzi ndi maso openyetsetsa ngati a wosula.

Mafunso

1. Kodi cifukwa nciani citsulo cifiira poyamba, ndi kuyera pambuyo pace?
2. Fotokozani fanizo la mcenga, mwala ndi mango.
3. Kodi makwerero a nkhokwe afanana bwanji ndi atomu?
4. Chulani zinthu ziwiri zimene zicepetsa magetsi a sola, ndipo nenani cifukwa cace.
5. Pamodzi ndi aphunzitsi, ponyani mcere pang'ono pa lawi la moto, nimulembe zimene mwaona.