Dotolo wa ku Germany Amene Anapeza Gwero la Kansa ya Cibaliro

Katemera woteteza ku kansa ya khomo la cibaliro, amene ana aakazi amalandira m'boma la Chadiza ndi m'dziko lonse la Zambia, anacokera pa nchito ya zaka zambiri ya dotolo wa ku Germany, Harald zur Hausen. Mkuluyu anatsutsana ndi akatswiri anzace kwa nthawi yaitali, ndipo pomaliza anapezeka kuti wolondola anali iye. Njira yace inayambira pa matenda a ana a kuno ku Africa.

M'caka ca 1958 dotolo Denis Burkitt, amene anali kugwira nchito ku Kampala m'dziko la Uganda, analemba za cotupa cimene cinali kugwira ana m'nsagwada. Mu 1961 iye ndi anzace awiri anayenda pagalimoto mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000, nacezera zipatala zoposa 50, kuphatikizapo za ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland, monga Zambia ndi Malawi zinali kuchedwa masiku amenewo. Anaona kuti cotupaco cinali cofala m'madera otentha ndi amvula, kumene malungo ndi ambiri. Zidutswa za zotupazo zinatumizidwa ku London, ndipo mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapezamo kacirombo kacilendo kamene lero kamachedwa Epstein-Barr.

Zur Hausen, amene anabadwa mu 1936 m'tauni ya Gelsenkirchen, anapita ku Philadelphia ku America mu 1966 kukaphunzira za kacirombo kameneka kwa Werner Henle ndi mkazi wace Gertrude. Atabwerera kwao, mu 1970 anaonetsa cinthu cimene cinatsogolera moyo wace wonse: kacirombo kakhoza kusaoneka konse m'cotupa, koma malangizo ace n'kukhala atabisala m'kati mwa maselo a munthu.

Apa mpofunika kufotokoza. Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo tating'ono kwambiri tochedwa maselo. M'selo iriyonse muli kaulusi kochedwa DNA, kamene kamasunga malangizo a thupi: nthawi yoti selo igawikane, nthawi yoti ileke, ndi nthawi yoti ife. Mbali za ulusiwu zimachedwa majini, ndipo ndizo zimene mwana amatengera kwa atate ndi amai ace. Kansa imayamba pamene malangizowa asokonezeka, maselo nayamba kuswana mosalekeza. Mlimi aliyense adziwa kaufiti, kamene kamagwira mizu ya cimanga pansi pa nthaka ndi kuyamwa kwa masabata ambiri maluwa ace asanaonekere. Zur Hausen anaganiza kuti tizirombo tina timacita cimodzimodzi m'thupi.

Masiku amenewo akatswiri ambiri anali kukhulupirira kuti kansa ya khomo la cibaliro imayamba ndi kacirombo ka herpes. Zur Hausen anafunafuna DNA ya kacirombo kameneka m'zotupa za amai odwala, koma sanaipeze. Mu 1974 anakanena zimenezi pamsonkhano waukulu ku Florida, ndipo anzace sanakondwe nazo. Iye anali kukayikira kacirombo kena, ka papilloma kapena kuti HPV, ka mtundu umene umayambitsa njerewere. Ambiri anaona ngati nthabwala kuti kacirombo ka njerewere kangaphe munthu.

Cobvuta cinali cakuti HPV sanali kumera m'mbale za m'laboratore monga tizirombo tina, ndiponso mitundu yace ndi yambiri, tsopano yodziwika ndi yoposa 200. Iye ndi anyamata ace, ena mwa iwo Lutz Gissmann, Matthias Dürst ndi Michael Boshart, anatha zaka pafupifupi 10 akusanthula zotupa cimodzi ndi cimodzi. Mu 1983 anapeza mtundu wa HPV 16, umene unapezeka m'zotupa za amai a ku Germany, Kenya ndi Brazil, ndipo mu 1984 anapeza HPV 18. Mitundu iwiri yokhayi imayambitsa kansa ya khomo la cibaliro mwa odwala 70 pa 100 alionse padziko lapansi.

Kafukufuku wotsatira anaulula m'mene kacirombo kamacitira. Kali ndi majini awiri, E6 ndi E7, amene amagonjetsa alonda awiri a selo, p53 ndi Rb, amene nchito yao ndi kuletsa selo yoonongeka kuti isaswane. Alonda akagwa, palibenso woletsa. Kaciromboka kamafala pogonana ndipo nkofala kwambiri, kwa amuna ndi akazi omwe. Mwa anthu ambiri thupi limakacotsa lokha. Koma kakakhazikika, kansa imadza pambuyo pa zaka 15 kapena 20. Mai amene ali ndi HIV ali pangozi yoposa ya mnzace kasanu ndi kamodzi.

Zur Hausen anapempha makampani a mankhwala kuti apange katemera, koma anamukana poganiza kuti mulibe phindu. Zaka zimene zinatayika apo zinali miyoyo ya amai. Katemera anabvomerezedwa mu 2006, kucokera pa nchito ya akatswiri ena monga Ian Frazer ndi Jian Zhou ku Australia. Zur Hausen anatsogolera likulu la kafukufuku wa kansa ku Heidelberg kuyambira 1983 mpaka 2003, analandira mphotho ya Nobel mu 2008, ndipo anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 87.

M'dziko la Zambia kansa imeneyi ndiyo imagwira ndi kupha amai ambiri kuposa ina iriyonse. Mu 2006 madotolo Groesbeck Parham ndi Mulindi Mwanahamuntu anayambitsa nchito yopima amai ku Lusaka: namwino amapaka viniga pakhomo la cibaliro, ndipo malo amene ayamba kuonongeka amayera, nacizidwa asanasanduke kansa. Katemera anayesedwa m'cigawo ca Lusaka mu 2013, nafika m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 14. Mu 2023 boma linatemera atsikana a zaka 9 mpaka 14.

Makolo a kwa Mlolo, kwa Mwangala ndi kwa Zingalume angafunse cifukwa cimene atemera ana aang'ono pamene odwala ndi akulu. Yankho liri m'nchito ya zur Hausen: katemera amatseka khomo kacirombo kasanalowe, koma sacotsa kamene kanabisala kale m'maselo. Mphekesera yakuti katemerayu amatseketsa mtsikana kubala iribe umboni. Amai akulu, makamaka amene ali ndi HIV, afunika kupimidwa ngakhale asakumva kuwawa kulikonse. Mai amene akutaya magazi atagona ndi mwamuna wace, kapena atasiya kale kusamba, asayembekezere kukolola kapena kugulitsa nshawa. Apite kucipatala mwamsanga. Matenda akakula, thandizo limakafunidwa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, imene inatsegulidwa mu 2007, ulendo wa makilomita oposa 500 kucokera ku Chadiza.