Chitoliro ndi Piyano

Pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi, m'boma la Phalombe, pali mpata wotchedwa Fort Lister. Dzinali linachokera ku linga limene Angerezi anamanga pamenepo m'chaka cha 1893 pofuna kutseka njira ya anthu ogulitsa akapolo. Lero pa lingalo pangotsala mabwinja. M'midzi yozungulira mpatawo, monganso m'midzi ina yambiri, mnyamata woŵeta mbuzi amadula nsungwi kapena bango, naboola zibowo ndi chitsulo chamoto. Akatero wapanga chitoliro.

Chitoliro chimalira ndi mpweya. Woimba akauzira, mpweya wa m'kati mwake umanjenjemera, ndipo kunjenjemerako ndiko kumatulutsa liwu. Akatseka zibowo zonse ndi zala, liwu limamveka lalikulu ngati la bambo. Akamatsekula chimodzichimodzi, liwu limanka likwera mpaka kufanana ndi la mwana.

Anthu a ku Ulaya nawonso ali ndi chitoliro chawo. Chitoliro chimenechi nchachitsulo, ndipo pochiliza amachigwira chopingasa. Amene anachikonza kuti chikhale monga chilili lero ndi Theobald Boehm wa ku Germany, m'chaka cha 1847. Kaŵirikaŵiri chitoliro chotere amachiimba pamodzi ndi piyano.

Piyano ndi chida chachikulu ndiponso cholemera. Anayamba kuipanga ndi Bartolomeo Cristofori wa ku Italy, cha m'ma 1700. Piyano ya masiku ano ili ndi timatabwa 88, tina toyera tina takuda. Woimba akakanikiza kathabwa ndi chala, kanyundo kakang'ono kamamenya nsambo m'kati, ndipo nsamboyo imalira.

Zida ziŵirizi nzosiyana kwambiri. Chitoliro chimatulutsa liwu limodzi pa nthaŵi imodzi, koma woimba angathe kulikoka liwulo kufikira mpweya utamthera. Piyano imatulutsa mawu ambiri nthaŵi imodzi, koma mawuwo sachedwa kuzilala. Motero chimene chida china chikusoŵa, chinzake chili nacho. Nchifukwa chake ziŵirizi zimagwirizana.

Alipo oimba ena amene amadzipereka aŵiriaŵiri, wina pa chitoliro wina pa piyano, kuimba nyimbo zatsopano zimene akatswiri amapeka ndi kuzilemba papepala. Mmodzi wa akatswiri opeka nyimbo zotere anali Olivier Messiaen wa ku France. Iye ankakonda kumvetsera mbalame, nalemba kulira kwake. M'chaka cha 1952 anapeka nyimbo ya chitoliro ndi piyano yotchedwa Le Merle noir, dzina la mbalame ina yakuda ya ku Ulaya. M'nyimboyo chitoliro chimalira motsanzira mbalameyo.

Muno m'Malaŵi munalinso anthu aŵiri amene anatchuka ndi kuimba kotere, ngakhale kuti m'malo mwa piyano iwo anali ndi gitala. Ameneŵa anali Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi wa Singano ku Chileka. Ali ana anakhalako ku Harare, kumene anamva nyimbo za kwela zochokera ku South Africa. Daniel ankaimba gitala, pamene Donald ankaliza chitoliro chachitsulo cha zibowo 6. Pochiliza ankachiloŵetsa m'kamwa mopendeketsa kuti liwu lituluke lamphamvu.

Anyamataŵa sanakhutire ndi kubwereza nyimbo za eni. Anayamba kupeka zawozawo. M'chaka cha 1967 anakumana ku Blantyre ndi Gerhard Kubik wa ku Austria, katswiri wofufuza za nyimbo, amene anajambula nyimbo zawo. Mu 1972 anakaimba ku Ulaya. Daniel anamwalira mu 1987 ndipo Donald mu 2001, koma nyimbo zawo zinasungidwa.

Kodi chinsinsi cha oimba aŵiri nchiyani? Chinsinsi chake ndi kumverana. M'gulu lalikulu munthu mmodzi akalakwitsa, anzake amamubisa. Koma oimba akakhala aŵiri okha, palibe pobisala. Woliza chitoliro ayenera kupuma, choncho mnzake amadziŵiratu malo opumirawo namdikira. Wa piyano kapena gitala akaomba mwamphamvu kwambiri, liwu la chitoliro limamira, ndipo nyimbo imawonongeka. Wina akathamanga mnzake natsalira, omvera amangomva phokoso. Nchifukwa chake aŵiriwo amayeserera pamodzi masiku ambiri asanaime pamaso pa anthu. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Mwana wofuna kuphunzira luso limeneli sayenera kudikira piyano. Chitoliro cha nsungwi ndi gitala ya chigubu nzokwanira poyambira. Chofunika ndi mnzake woimba naye ndiponso khutu lodziŵa kumvetsera.

Mafunso

1. Kodi linga la Fort Lister linamangidwa chifukwa chiyani?
2. Fotokozani mmene chitoliro chimatulutsira liwu.
3. Tchulani kusiyana kuŵiri kwa chitoliro ndi piyano.
4. Kodi Daniel ndi Donald Kachamba ankaimba zida zanji?
5. Nchifukwa chiyani oimba aŵiri ayenera kumverana?