Matenda a mbewu sapempha chiphaso pamalire

Kachewere wa ku Angónia ndi Tsangano, tomato ndi nthochi zimadzaza msika wa Kwachena mumzinda wa Tete. Koma matenda akagwa m'minda, katundu amachepa pamsika ndipo mlimi amangotsala ndi ngongole.

Pofuna kuthana ndi vutoli, akatswiri a matenda a mbewu ali ndi mabungwe awo. Bungwe la dziko lonse, International Society for Plant Pathology, linakhazikitsidwa mu 1968 ndipo limachita msonkhano waukulu zaka zisanu zilizonse. Kumwera kwa Africa kuno kuli Southern African Society for Plant Pathology. Akakumana, akatswiriwa amagawana zomwe apeza ndi kuchenjezana za matenda achilendo.

Kuthandizana kotereku kudaoneka mu 2013 pamene nthenda ya Panama, yofotetsa nthochi, idapezeka ku Nampula. Akatswiri a ku Stellenbosch, South Africa, adathandiza kuizindikira. Nthendayi imakhala m'dothi zaka zambiri, ndipo imayenda ndi mphukira komanso matope a kunsapato.

Choncho alimi musamadutse ndi mphukira pa Zóbuè kapena Calómuè. Nthochi zikayamba kufota, uzani alangizi msanga.