MWANA AKAFUNA KUKAONJEZA MAPHUNZIRO A MALAMULO KUNJA

Akhristu anzathu a m'midzi ya ku Kasungu, nyengo ya msika ikafika, ndalama za fodya wa ku Chinkhoma zimadza ndi maganizo ambiri m'nyumba. Alipo mabanja amene adavutika zaka zambiri, nalipirira mwana wao kufikira adatsiriza maphunziro a malamulo ku Zomba kapena ku Nguludi. Ndipo tsopano mwanayo ati, ndifuna kuoloka nyanja, ndikatenge digiri yachiwiri yotchedwa LLM. Makolo asowa choyankha. Kodi agulitse ng'ombe? Kodi amletse? Musanachite kanthu, khalani naye pansi, mumfunse mafunso atatu.

Funso loyamba ndi ili: kodi chikalata cha sukuluyo chidzavomerezedwa kwathu? Kumbukirani za Dr. Hastings Kamuzu Banda, mwana wa dziko lino la Kasungu. Iye adatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry, m'dziko la America, m'chaka cha 1937. Koma pakuti maiko olamulidwa ndi Angerezi ankafuna chikalata cha kwao, adayenera kukaphunziranso ku Edinburgh kufikira 1941. Pa zamalamulo nkhaniyi ikula koposa, chifukwa dziko lililonse lili ndi malamulo ake. Athu adachokera kwakukulu ku malamulo a Angerezi. Ndicho chifukwa chake Orton Chirwa, loya woyamba mwa anthu a dziko lino, adakaphunzira ku Lincoln's Inn ku London, navomerezedwa m'chaka cha 1958. Chotero mwana wanu ayambe wafunsa ku bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba, la NCHE, ngati sukuluyo ili yodziwika. Adziwenso kuti LLM payokha sipatsa munthu chilolezo choimira anthu pa milandu m'makhoti athu. Chilolezocho chimaperekedwa konkuno. Akulu adati, safunsa adadya phula.

Funso lachiwiri: adzalipira ndani? Tinene mosabisa, mtengo wa chaka chimodzi ku Ulaya uposa kutali zimene mlimi wamba apeza pa fodya wa zaka zambiri. Musakongole katapila, musagulitse munda wa makolo. Njira yoongoka ndiyo kupempha thandizo kwa iwo amene amalipirira ophunzira. Boma la Britain lidayambitsa thandizo lotchedwa Chevening m'chaka cha 1983: limafuna munthu amene wagwirapo kale ntchito zaka ziwiri, nalonjeza kubwerera kwao atatsiriza. Lilipo thandizo la Commonwealth, ndiponso la Beit Trust lothandiza ana a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Ndipo si ku Ulaya kokha kumene kuli nzeru. Sukulu ya ukachenjede ya Pretoria, ku South Africa, idatsegula m'chaka cha 2000 maphunziro a LLM onena za ufulu wa anthu mu Africa, ndipo amatha chaka chimodzi.

Kupempha kotere kumayamba chaka chathunthu ulendo usanafike. Mwanayo asonkhanitse zikalata za mayeso ake, apemphe aphunzitsi ake akale kapena akulu a kuntchito amlembere umboni, akonze pasipoti, ndipo ngati sukuluyo ifuna, alembe mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS. Alembenso kalata yofotokoza chimene afuna kukaphunzira ndi chifukwa chake. Ailembe yekha, ndi mau oona. Asadalire sukulu imodzi, apemphe zitatu kapena zinai. Chenjerani ndi anthu oyendayenda amene amati, tipatseni ndalama, tikupezerani malo. Thandizo loona siligulidwa.

Funso lachitatu ndilo lalikulu: adzabwera nacho chiyani kwa anthu a kwao? Malamulo ali ngati munda waukulu, munthu mmodzi sangaulime wonse. Asankhe ndime yake. Kuno milandu yathu tiidziwa: malire a minda, amasiye olandidwa chuma, mapangano a alimi ndi ogula fodya, ana ogwira ntchito m'maesiteti m'malo mopita kusukulu. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa malamulo atsopano a malo, ndipo ambiri a ife sitidawamvetsebe. M'chaka cha 2020 alimi a fodya a ku Malawi zikwi zingapo adasumira makampani awiri aakulu a fodya ku khoti lalikulu la ku London. Taonani, mlandu wobadwira m'zigafa zathu ukakambidwa kutsidya kwa nyanja! Tifuna ana athu odziwa malamulo a malo, a ntchito ndi a malonda a pakati pa maiko, amene angathe kumva madandaulo a mlimi m'chinenero chake.

Mwana akayankha bwino mafunso atatuwa, mdalitseni apite. Akalephera chaka chino, asataye mtima. Agwire ntchito, adzayesenso chaka chamawa. Akafika kumeneko afune tchalitchi pa Lamulungu loyamba, ndipo asaiwale kulembera amake. Inu otsala, mumpempherere kwa Thomas More woyera, mkulu wa malamulo wa ku England amene adaphedwa m'chaka cha 1535 pokana kugulitsa chikumbumtima chake, kuti mwana wanu adzabwerere ndi nzeru zochuluka ndi manja oyera.